Tsiku Limene Achimwene Anandikanira Mpweya

Anzanga, zimene ndikuuzeni panozi si zotola pa siteji ayi, zinachitika pa thupi langa lomwe lino, ndipo wokayika abwere ndidzamuonetse buku langa la kuchipatala, lomwe latha kale zikuto ziwiri. Mayina sinditchula, chifukwa munthu amene ndikumunenayo ali moyo, timakumana pa maliro ndi pa maukwati, ndipo ana ake amanditchula kuti bambo aang'ono. Papita zaka ndithu, koma nkhaniyi sindinaiiwale.

Ine ndinali kondakitala wa minibasi ya ku Machinjiri, ndipo dalaivala wake anali achimwene anga enieni, bere limodzi, amenenso anandiphunzitsa ntchitoyo. Zaka zisanu ndi chimodzi tinkalawirira limodzi, kudya pa chiwaya chimodzi, kutukwanidwa ndi mapasenjala limodzi. Mukanandifunsa masiku amenewo kuti ndani amene ndingamusiyire moyo wanga m'manja, sindikanachita kuganiza. Nanga si iwo omwe ankandiyendetsa tsiku ndi tsiku, ine nditalendewera pa chitseko?

Matendawa anayamba mwachipongwe. M'mawa ndinkadzuka wamphamvu, kuitanira mpaka munthu wa kutsidya kwa msewu kutembenuka. Koma dzuwa likangopendeka zikope zinkayamba kugwa zokha, lilime kulemera, mawu n'kumatulukira m'mphuno, ndipo munthu mmodzi ndinkamuona ngati awiri. Tangoganizani kondakitala woona awiriawiri, mpando uli ndi anthu awiri iye n'kumakuwa kuti wadzaza! Anzanga a pa siteji sanachedwe kugamula mlandu, ati mkuluyu wayambiranso kachasu, akumwera m'botolo la madzi. Chikhalirecho ine mowa ndinausiya pamene mwana wanga woyamba anabadwa. Ndikakhala pansi kwa kanthawi maso n'kutsegukanso, iwo n'kumaseka kuti mwaona, tsopano wamuchoka. Zinkandiwawa kwambiri, koma ndikanatsutsa bwanji ndi lilime lokokalo?

Amene anandikakamiza kupita kuchipatala ndi mkazi wanga, tsiku lomwe tiyi amene ndinkamwa anatulukira m'mphuno ana akuona. Kuchipatala chaching'ono anandiyeza malungo osawapeza, shuga osamupeza, kenaka ananditumiza ku chachikulu m'tauni. Kumeneko adokotala ena achikulire anandiuza kuti ndiyang'ane kudenga osaphethira, ndipo ataona zikope zikutsika zokha anangogwedeza mutu. Dzina la nthendayo ndi la Chingerezi, lilime langa limalikana mpaka lero, koma mmene anafotokozera ndinamva bwino. Anati uthenga wochoka m'mitsempha sukufika mokwanira ku minofu, n'chifukwa chake minofu ikagwira ntchito pang'ono imatopa n'kugona, ikapuma n'kudzukanso. Anandipatsa mapilitsi omwa kangapo pa tsiku, koma asanandilole kutuluka anandikhazikanso pansi.

Anati choopsa si zikopezo ayi. Mapapo sapuma okha, amachita kukokedwa ndi mnofu waukulu umene uli pansi pake pamodzi ndi minofu ya m'nthiti, ndipo nayonso imeneyi ikhoza kudzatopa tsiku lina, makamaka ndikadzadwala chimfine. Anandiuza kuti ndikoke mpweya kamodzi n'kuwerenga mokweza mpaka uthe, ndipo ndinafika pa 30. Anati ndizichita zimenezi tsiku lililonse, ndipo ndikadzaona kuti ndikulephera kufika pa 15, ndisadzadikire mawa. Tsiku limenelo anthu asadzandigoneke chagada, ndipo ndikadzakhala phee asadzanene kuti ndapeza bwino, chifukwa munthu wotere akasiya kulimbana ndiye kuti mphamvu zatha. Mankhwala ake pamenepo ndi mashini opumira, paipi kukhosi, kuti mashiniwo apume m'malo mwanga masiku angapo minofu ikupumula, mankhwala ena akugwira ntchito. Anatsiriza ndi kundilangiza kuti ndikauziretu munthu kunyumba, chifukwa tsikulo pakamwa panga sipadzatuluka mawu.

Apa ndiyenera ndikuuzeni za kwathu, kuti mumvetse. Mukudziwa nonse zimene timanena m'makwalalamu, kuti munthu akangomuika pa okosijeni ndiye kuti basi, kagulenitu nsalu. M'banja mwathu nkhani imeneyi inali bala losapola. Mayi athu anamwalira nthawi ya korona ali pa okosijeni, ndipo amene anavomereza kuti awaikepo anali achimwene. Zoona zake n'zakuti mayi tinawasunga m'nyumba sabata yathunthu tikuwafukiza masamba a bulugama, ndipo tinawapititsa atatheratu. Koma pa maliro palibe anakumbuka zimenezo. Achemwali athu aakulu ankalira motchula kuti mayi apita ndi mpweya wa m'botolo, ndipo ena ananong'onezana mpaka kufika ponena kuti mwina mwana wamwamunayo akukhwimira minibasi.

Ndiye mungafunse kuti bwanji ndinasankha munthu yemweyo? Ndikanasankha ndani? Kwathu kuno munthu akadwala kwakayakaya, mkazi wake amayesedwa wobwera, amene amafunsidwa ndi mwini munthu, ndipo mwini wanga ine anali achimwene. Komanso ndinkati iwo ndi amene akudziwa bwino kuti mayi sanaphedwe ndi okosijeni. Ndinawauza masana ena tili pa mzere pa siteji, minibasi ilibe munthu, ndinawafotokozera zonse mmene ananenera adokotala, n'kuwapempha kuti tsikulo likadzafika adzandivomerere mashini, wina anene zotani. Iwo anagwira chiwongolero ndi manja awiri n'kulumbira pali mayi kumanda, ati mphwanga usadandaule, ine ndilipo. Mkazi wanga sindinamuuze kanthu, chifukwa anali ndi pakati ndipo ndi munthu wosachedwa kudandaula, ndinkaopa kumudetsa nkhawa. Kumeneko ndiko kupusa kwanga, ndipo ndimakuvomera.

Miyezi ingapo zinthu zinayenda, mapilitsi ankandigwira bwino, mpaka a pa siteji anayamba kunena kuti ndatembenuka mtima. Kenaka kunabwera chiperoni cha mwezi wa Juni, chija chimanyowetsa munthu osaona mvula, ndipo ine pa chitseko paja ndinatola chimfine. Tsiku loyamba ndinawerenga kufika pa 22. Tsiku lachiwiri 17, koma ndinapitabe ku ntchito, poti mwamuna salira chimfine. Tsiku lachitatu, lomwe linali Loweruka, ndinalephera kumeza mapilitsi, ndipo pofika masana ndinawerenga mpaka 9 mpweya n'kuthera pomwepo.

Kubanika kwake si kwa mphumu, kopanga phokoso anthu n'kuthamanga. M'chifuwa munalibe kulira kulikonse. Ndinkangoona kuti ndikalamula chifuwa kuti chikwere, chikukwera theka, kenaka theka la thekalo. Kutsokomola kunakanika, malovu ankangotsika okha, mutu unagwera kutsogolo ngati wa mwana wakhanda. Amayi oyandikana nawo nyumba atamva anabwera, ndipo mwa chifundo chawo anayala mphasa n'kundigoneka chagada kuti ndipumule. Abale anga, zinali ngati andisanjikiza matumba a simenti pachifuwa. Mwayi wake mkazi wanga anaona mmene zala zanga zinkakandira mphasa, anandidzutsa n'kunditsamiritsa kukhoma, kenaka anaimbira foni alamu ake.

Pano ndisawanamizire achimwene. Anatsitsa mapasenjala panjira n'kubwera ndi liwiro, anandinyamula okha kukandikhazika pa mpando wakutsogolo, ndipo anatenganso achemwali, omwe amakhala chapafupi. Mumsewu ndinasiya kulimbana. Maso anatsekeka, thupi linazizira, tulo tinkandikoka mokoma ndithu. Ndinamva achemwali kumbuyo akuthokoza Mulungu kuti ndayamba kupeza bwino, ati taonani wagona. Koma makutu anga anali otseguka kuposa kale lonse, ndinkamva chilichonse, ngakhale kulira kwa giya. Mumtima ndinkangoti palibe kanthu, amene akudziwa zoona ndi amene ali pa chiwongolero.

Kuchipatala anandikhazika pa bedi lokwezeka kumutu, n'kundiphimba kukamwa ndi m'mphuno ndi kachipangizo ka okosijeni. Adokotala anga aja kunalibe tsiku limenelo, kunali ena achinyamata, koma atawerenga buku langa anamvetsa msanga. Anaitana abale pafupi ndi bedi n'kuwauza kuti okosijeni yekha sathandiza, chifukwa vuto si kusowa kwa mpweya koma kusowa kwa mphamvu youkokera, ndipo mpweya woipa ukuunjikana m'thupi. Anati mwamwayi ku chipinda cha odwala kwambiri kuli mashini amodzi opanda munthu, koma pakufunika wachibale asaine fomu msangamsanga. Ndinamva pepala likukhwekhwereza. Ndinamva mkazi wanga akuti alamu, sainani. Kenaka achemwali anafunsa, motsitsa mawu koma momveka, ngati zija za mayi ziyambirenso.

Ine mumtima ndikuti nenani achimwene, nthawi yake ndi ino.

Achimwene anakonza kukhosi n'kuyankhula. Anauza adokotala kuti iwo sangasaine, chifukwa wodwalayu anawauza yekha ndi pakamwa pake kuti zivute zitani asadzamuike pa mashini, kuli bwino akafere kunyumba. Anawonjezera kuti ndinawauza masana ena tili pa mzere pa siteji, minibasi ilibe munthu. Mukumva? Anatenga malo enieni, nthawi yeniyeni, n'kungotembenuza mawu okha. Ndakhala ndikunamiziridwa pa moyo wanga, za mowa, za chipongwe kwa mapasenjala, koma sindinadziwe kuti bodza likhoza kumuzizira munthu m'mafupa chomwecho. Ndinafuna kukuwa, koma mpweya woti ndikuwire ndiutenga kuti? Ngakhale chikope chimodzi chinakana kutseguka.

Adokotala anafunsa kawiri ngati akunenadi zoona, ndipo anawachenjeza kuti popanda mashini munthuyu safika madzulo. Achimwene anabwereza zomwezo. Adokotala anapumira m'mwamba n'kunena kuti ngati amenewo ndi mawu a mwini wake, iwo sangamukakamize. Mkazi wanga anayamba kulira chamumtima, nanga akanatsutsa bwanji mawu amene akuti ananena ndi mwamuna wake, kwa m'bale wake, iye kulibe? Achemwali anali atayamba kale kufunsa ngati n'kotheka kunditenga kuti ndikatsirizikire pakhomo.

M'thupi lonse munatsala kamphamvu m'dzanja lamanja mokha, ndipo dzanjalo linali pafupi ndi chitsulo cha m'mbali mwa bedi. Tsono pa ntchito yathu kondakitala sachita kuyankhula ndi dalaivala, amagogoda galimoto. Ine ndi achimwene tinali ndi kagogodedwe kathu, kawiri mofulumira, kenaka kamodzi, kutanthauza kuti imani, munthu watsala. Ndinasonkhanitsa zonse zimene ndinali nazo n'kugogoda chitsulo chija ndi mfundo za zala. Kawiri, kenaka kamodzi. Ndinapuma, n'kubwerezanso.

Anamva. Musandiuze kuti sanamve, munthu amene kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankaponda buleki asanaganize n'komwe akamva kugogoda kumeneko. Ndinamva nsapato zawo zikusuntha, kenaka mawu awo akuti musadabwe, akungophiriphitha, ndi mmene amachitira munthu akamatsirizika. Atatero anagwira dzanja langa lija n'kulipanikiza pa matiresi, chala chawo chachikulu chikundisisita ngati akunditonthoza. Pa zonse zimene zinachitika tsiku limenelo, chimene chimandidzutsira mkwiyo mpaka lero ndi kusisita kumeneko.

Amene anandipulumutsa ndi anesi ena achikulire, a mawu okalipa, omwe ankakonza diripi chapafupi. Anawauza achimwene kuti bambo inu tasiyani dzanjalo, munthu wophiriphitha sawerenga. Anabwera n'kunditsegula zikope ndi zala zawo, ndipo ndinaona nkhope yawo pawiri, itandiyandikira. Anandiuza kuti ngati ndikuwamva ndigogode kawiri, ndipo ndinagogoda. Anati kawiri ndi inde, kamodzi ndi ayi, ndiyeno anandifunsa ngati ndinakanadi mashini. Ndinagogoda kamodzi. Anafunsanso ngati ndikuwafuna, ndipo ndinagogoda kawiri, kenaka dzanja linagwa, osadzukanso. Anesi aja anatembenuka n'kuuza adokotala kuti bambo awa ali ndi nzeru zawo zonse, ayankha okha. Poti zikope anali atazigwirabe, ndinawaona achimwene. Anali atayang'ana kukhoma.

Amene anasaina fomu ija ndi mkazi wanga. Achemwali anamuchenjeza kuti mlamu, ukasaina wekha, zikavuta maliro ndi ako. Iye, munthu wamanyazi amene sanayankhepo achemwali chikwatiwire, anati amuloze chala mmene angafunire, bola asakhale wamasiye chifukwa chotseka pakamwa. Zitatero zinthu zinathamanga. Ndikukumbuka bedi likuyenda m'khonde, anesi aja akufinya ndi manja chithumba cha mphira chokankhira mpweya m'chifuwa mwanga, n'kumandiuza kuti ndisalimbane nacho, ndingolandira. Kenaka anandibaya jakisoni ndipo sindinadziwenso kanthu.

Ndinadzidzimuka ndili ndi paipi kukhosi, ina yaing'ono m'mphuno yodyera ndi kulandirira mankhwala, pambali panga mashini akupuma mosatopa. Sindikunamizeni kuti n'zokoma. Paipi imakanda, ludzu limakupha, ndipo akamakoka makhololo umaona ngati akukuzula mtima. Koma kwa nthawi yoyamba pa masiku atatu chifuwa changa chinkadzaza mpaka pansi ine osachigwirira ntchito, ndipo ndinalira misozi chifukwa cha kupepukako. Ndinakhala pa mashini masiku asanu ndi anayi. Chakumapeto ankawachepetsa mphamvu kuti ndizikoka ndekha, lero ola limodzi, mawa maola atatu, ndikatopa n'kuwabwezera, monga mmene timaphunzitsira mwana kuyenda. Tsiku lomwe anachotsa paipi anandiuza kuti ndiwerenge, ndinafika pa 12 ndi mawu a chule, ndipo anesi anaomba m'manja. Masiku onsewo mkazi wanga ankagona pa simenti kumalo a magadiyani, ndi pathupi pake pa miyezi isanu ndi iwiri.

Achimwene anabwera kamodzi kokha, anaima kumiyendo kwa bedi, n'kusiya nthochi. Ndinadikira mpaka nditatuluka, mawu atabwerera bwinobwino, ndipo ndinawaitanitsa kunyumba n'kuwafunsa mkazi wanga ali pomwepo. Sanakane. Anati iwe mphwanga sukudziwa kuwawa kwake kolozedwa chala pa maliro a mayi ako okubala, ndipo ndikanafera pa mashini aja iwo atasaina, akanatchedwa wopha anthu awiri, akanayenda bwanji m'Machinjiri muno? Ndinawafunsa kuti bwanji sanangonena kuti akuopa, asaine wina, m'malo mondiika mawu m'kamwa? Anati akanatero, anthu akanatinso anakaniza m'bale wawo chithandizo, koma zikakhala kuti ndinakana ndekha, palibe akanawanena. Ndinawafunsa za dzanja lija. Pamenepo anangodzuka n'kunena kuti nanga nkhani ili pati, si uli moyo?

Pepani sanatuluke, ndipo sanatulukebe mpaka lero. Akuluakulu a kubanja anayesa kutikhazika pansi, ati chibale ndi fupa sichiola. Ine ndinawayankha kuti paja amatinso mutu ukakula sulewa nkhonya, nanga uwu unalewa bwanji, nkhonyayo n'kugwera ine wogona? Ku minibasi sindinabwerereko, adokotala anandiletsa fumbi ndi mphepo, komanso ngakhale akanandilola sindikanakweranso galimoto imeneyo. Pano ndili ndi kaokala pafupi ndi nyumba, mapilitsi ndimamwa pa nthawi yake, ndipo chimfine chikangondiyamba ndimapita kuchipatala ndikuyenda ndekha. Achimwene timapatsana moni, ana awo amadya kwanga. Anthu amati tinagwirizana, ndipo ine sindiwatsutsa.

Chimene ndimakhulupirira tsopano ndi ichi. Mashini aja sapha munthu, okosijeni sapha munthu, chimapha ndi kufika mochedwa ndiponso mantha a anthu oima m'mbali mwa bedi. Mukaona wodwala amene amabanika wangoti phee mwadzidzidzi, musathokoze msanga, thamangani naye, ndipo musamugoneke chagada. Ngati watseka maso osayankhula, musamunenere ngati kulibe, mufunseni, mwina ali ndi chala chimodzi choti akuyankhireni. Ndipo inu amene muli ndi mawu oti adzakunenereni tsiku limene simudzatha kuyankhula, musawanong'oneze kwa munthu mmodzi pakona ngati mmene ndinachitira ine, ngakhale akhale wa bere limodzi. Anenereni poyera, mkazi alipo, alongo alipo, kuti wodzawatembenuza adzachite manyazi.

Sindinena kuti achimwene ankafuna kuti ndife, ayi, ndikanama. Ankangofuna kuti ndikafa, mlandu usadzakhale wawo. Koma ndikukuuzani ine amene ndinagona pa bedi paja dzanja litapanikizidwa, ziwirizi kwa wodwala sizisiyana, manda ake ndi amodzi.